Ndani Alipira Ulendo wa Mkazi Womenyedwa?

Munthu amene wayendapo pa msewu wochoka mumzinda wa Lilongwe, napatuka pa mphambano ya ku Bunda, nadutsa m'tsinde mwa phiri la Bunda limene makolo athu ankapitako kukapempha mvula, mpaka kukatsikira pa Mitundu m'miyezi ya Meyi ndi Juni, pamene zigafa zayamba kupepuka, mabelo a fodya akwera malole a ku Kanengo, ndipo mtedza wayanikidwa pabwalo lililonse, adziwa kuti imeneyi ndiyo nyengo imene ndalama imaoneka m'midzi mwathu. Koma amene adakhalapo nkhoswe kapena mwinimbumba adziwanso china chimene mlendo sangachione ali pawindo la minibasi, ndicho chakuti nyengo yomweyo ndiyo imene zitseko za atsibweni zimagogodedwa usiku.

Changa chidagogodedwa tambala woyamba asanalire. "Atsibweni, tsegulani, ndine," adatero mawu amene ndidawazindikira ndisanayatse nyali, pakuti adali a mwana wa mlongo wanga, amene tidamlola kupita ku chitengwa kumudzi wina wa cha ku Dzalanyama. Adali atayenda usiku wonse, khanda kumsana, mkono wamanzere ataumangirira pachifuwa ndi chitenje, diso limodzi litatsekeka ndi kutupa. Ndipo mlandu wake wonse udali wakuti adafunsa kumene zidapita ndalama za fodya, fodya amene iye mwini adathirira ku nazale m'dzuwa la Okutobala, naokera mvula yoyamba, nathyola, nasoka, nasankha masamba mpaka zala kuda ndi phula lake. Ndiyenera kuulula pano, chifukwa nkhaniyi siingakhale yoona ndikabisa, kuti aka sikadali koyamba. Kawiri konse adabwerapo kale, ndipo kawiri konse ife ankhoswe tidakhala pansi pa mtengo wa mango, mwamuna napepesa ndi nkhuku, ife n'kumubweza mwanayo ndi mawu omwe aja amene amayi ake ndi agogo ake adabwezedwa nawo, akuti banja ndi kupirira. Usiku umenewo, nditaona mkono uja, ndidazindikira kuti nkhuku ziwiri zija tidadya ndife, koma wolipira adali iyeyu.

Kutacha tidauyamba ulendo umene ndikufuna owerenga auwerengere mtengo pamodzi ndi ine. Wa kabaza wa njinga yamoto adatitengera ku polisi ina ya dera lathu, ndipo nkhuku yoyamba idathera pomwepo. Kuchipinda chimene anthu amangokutcha kuti ku vikitimu tidapeza mayi wapolisi wofatsa, amene adamvetsera osadula mawu, nalemba zonse, natipatsa kalata ya kuchipatala; koma pamene ndidafunsa kuti wolakwayo akamgwira liti, adayang'ana pansi nati, "Bambo, galimoto ilipo koma mafuta mulibe, ndipo njinga yathu idafa mwezi wathawu; mukatha kupeza wa kabaza, mnzanga apita nanu lero lomwe." Sindidamuone ngati wopempha chiphuphu, pakuti ndalamayo siidalowe m'thumba mwake, idapita kwa mnyamata wa njinga, ulendo wopita ndi wobwera. Kuchipatala adati mkono uyenera kujambulidwa, ndipo tsiku limenelo kujambula kudali kutauni. Pofika tsiku limene lipoti la dokotala lidalowa m'faelo, m'khola mwa mlongo wanga mudali mutachoka nkhuku zisanu.

Kukhoti tidapita katatu. Ulendo woyamba mlandu udaimitsidwa chifukwa woimira boma adali pa ntchito ina. Wachiwiri mboni yathu, mayi woyandikana naye nyumba amene adamva kukuwa usiku uja, siidafike chifukwa tidalibe choilipirira njinga. Wachitatu tidagulitsa mbuzi kuti mboniyo ibwere, koma tidapeza woweruza atapita ku maphunziro. Tili pobwerera, dzuwa litapendeka, mwanayo adaima pambali pa msewu nandiuza motsitsa mawu kuti, "Atsibweni, basi, uthere pomwepa, mbuzi yatsalayo ndi ya sukulu ya ana." Akuluakulu adati mlandu suwola, koma uwu udaola ndikuona ndi maso anga, ndipo chimene chidauoletsa chidali ndalama ya ulendo.

Pakuti malamulo tili nawo, ndipo ndi abwino, otilemekeza ngakhale pamaso pa mitundu ina. M'chaka cha 2006 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja, limene limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira amene akumzunza, ngakhalenso kumtulutsa m'nyumba kuti mayi ndi ana atsalemo. Mu 2010 kudabwera lamulo losamalira ndi kuteteza ana. Mu 2011 lamulo la chuma chamasiye, lofuna kuthetsa khalidwe lija lolanda mkazi wamasiye ngakhale mphika ndi mphasa maliro asanazizire. Mu 2013 lamulo lofananitsa ufulu wa amayi ndi abambo. Mu 2015 lamulo la maukwati, limene lidaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja. Ndipo mu Febuluwale 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko, natseka mpata umene unkalola makolo kukwatitsa mwana wa zaka 15. Wogona ndi mwana wamng'ono angathe kukhala m'ndende moyo wake wonse. Zonsezi zidalembedwa, zidasindikizidwa, ndipo zimawerengedwa pa wailesi chaka ndi chaka kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala, m'masiku 16 aja olimbana ndi nkhanza, pamene amayi amaguba atavala nsalu zolembedwa mawu ndipo akuluakulu a boma amalankhula mokwiya. Koma ndikamamva mkwiyo umenewo ndimakumbukira mfumu Davide, imene itamva zimene Amnoni adachitira Tamara idapsa mtima ndithu, osakweza dzanja kuchitapo kanthu, mpaka namwaliyo adatsala wosweka mtima m'nyumba ya mlongo wake Abisalomu, amene adamlangiza kuti akhale chete.

Ndipo a Tamara m'dziko muno si ochepa. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo amene ofesi ya boma yowerengera anthu idachita mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, okwana 34 adamenyedwapo chikwanitsire zaka 15, ndipo mmodzi mwa asanu alionse adachitidwapo nkhanza zogonana; mwa amene adalowapo m'banja, 42 mwa 100 adazunzidwapo ndi mwamuna wawo, kaya ndi chibakera, kaya ndi kukakamizidwa, kaya ndi mawu opweteka mtima; ndipo mwa atsikana a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 mwa 100 adakwatiwa asanafike zaka 18. Munthu akaima pa msika wa Mitundu kapena wa Nathenje tsiku la msika, nayang'ana amayi ogulitsa tomato, mbatata ndi usipa, ayenera kudziwa kuti pa amayi atatu alionse amene akuwaona, mmodzi akudziwa kulemera kwa dzanja la munthu.

Tsono funso n'lakuti, ndalama yoyendetsera malamulo amenewa imachokera kuti? Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo chisanayambe nduna ya zachuma imaimirira m'Nyumba ya Malamulo kufotokoza bajeti, ndiko kuti ndondomeko ya momwe chuma cha dziko chigawidwire. Ntchito yoteteza amayi ndi atsikana ilibe nkhokwe imodzi. Idamwazikana m'manja ambiri. Ina ili ku unduna woona za amayi ndi chisamaliro cha anthu. Ina ku polisi. Ina ku makhoti. Ina ku zipatala, kumene wogwiriridwa ayenera kulandira mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV asanathe maola 72. Ina ku khonsolo ya boma, kumene kuli ofesi ya a sosholo. Paliponse mwa malo amenewa, malipiro a antchito ndiwo amayamba kuchotsedwa, ndipo chotsalacho, chimene chiyenera kugula mafuta, mapepala, matayala a njinga ndi chakudya cha mayi amene wathawa kwawo usiku, ndicho chimafika mochedwa, chopereweranso pa chimene aphungu adavomereza. Mu bajeti ya 2024/25, ya pafupifupi K6 thililiyoni, kwacha imodzi mwa makwacha anayi alionse idalonjezedwa kale kwa amene tidawakongola, monga chiwongoladzanja chokha. Ndipo pamene kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kandalama kamene ofesi ya m'boma inkalandira pa mwezi kadasanduka kogula mafuta a masiku owerengeka. Chotero wapolisi alipo, dokotala alipo, woweruza alipo, onse olipidwa ndi boma, koma njira yolumikiza atatuwa amailipira ndi munthu wovulalayo.

Mpata umene boma lidasiya adaudzaza ndi alendo, ndipo kungakhale kusayamika kunena kuti sadagwire ntchito. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Malo aja otchedwa Chikwanekwane, monga a pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe ndi cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene wozunzidwa amapeza dokotala, wapolisi ndi mlangizi pansi pa denga limodzi, adakhazikitsidwa ndi thandizo lalikulu la UNICEF ndi abwenzi ena akunja. Manambala aulere a 116 ndi 5600, amene mwana kapena mayi angaimbe ali m'mavuto, amayendetsedwa ndi bungwe la YONECO la ku Zomba. Mu 2019 maiko a European Union pamodzi ndi United Nations adabweretsa Spotlight Initiative, gawo la thumba la mayuro 500 miliyoni la dziko lonse lapansi, ndipo idagwira ntchito m'maboma asanu ndi limodzi a Mzimba, Nkhata Bay, Ntchisi, Dowa, Machinga ndi Nsanje mpaka 2023. Boma lathu la Lilongwe silidali m'gulumo, ndipo mayi wa kwa Chadza kapena kwa Chiseka ankangomva pa wailesi kuti anzake a ku Dowa alandira njinga ndi makhoti oyendayenda.

Imene idatiyandikira ife idali Tithetse Nkhanza, ntchito yolipiridwa ndi boma la Britain, imene idayamba mu 2019 m'maboma a Lilongwe, Karonga ndi Mangochi. Mwa zonse zimene idachita, chimene ndimachikumbukira ndi ulemu ndi kathumba kakang'ono kamene kadaikidwa m'manja mwa mabungwe a amayi a m'madera, kolipirira wozunzidwa ulendo wa ku polisi, kuchipatala ndi kukhoti, ndiponso chakudya ndi pogona pa masiku a mlandu. Anthu amene adakonza zimenezi adali ataona chimene ine ndidachiona pambali pa msewu paja. Ntchitoyi idayenera kukhala zaka zingapo. Koma mu 2021 boma la Britain, litapanikizika ndi mliri wa Covid-19, lidatsitsa thandizo lake la kumaiko osauka kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake, ndipo Tithetse Nkhanza idatsekedwa nthawi yake isanakwane. Chigamulo chidapangidwa ku London, ndi anthu amene sadamvepo dzina la Nathenje, ndipo sitingawaimbe mlandu, pakuti ndalamazo zidali zawo. Zomwezo zidabwerezeka mu Januwale 2025, pamene boma la America lidaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi, ndipo pambuyo pake bungwe la USAID lidatha. Mwambi womwe uja woyamikira mlendo uli ndi mnzake, wakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Ngakhale Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo wathandiza amayi ambiri amasiye kusunga ana awo aakazi pasukulu m'malo mowapereka kwa mwamuna wa chimanga, kwa zaka zambiri boma lathu lakhala likulipira ndi ndalama zake boma limodzi lokha la Thyolo, maboma ena onse ali pamsana pa World Bank, Germany, European Union ndi Ireland. Munthu wodya kwa mnansi chaka ndi chaka amaiwala kumata nkhokwe yake, ndipo tsiku limene mnansi atseka chitseko ndi pamene amazindikira kuti chiswe chidadya kale mitengo.

Ena adzati boma lathu ndi losauka, ndipo n'zoona. Sindikufuna kunamiza owerenga kuti pali chuma chobisika pansi pa Capital Hill. Koma umphawi sudaletse boma kupeza K160 biliyoni ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo mu 2020/21, chifukwa onse adagwirizana kuti njala ndi mdani wa dziko, ndiponso phungu aliyense adadziwa kuti akabwerera kwawo wopanda feteleza sadzaona mtendere. Ndipo pamene khoti lalamula, ndalama zimapezeka. Mu Okutobala 2019, m'boma lathu lomwe lino, pa msewu wa ku Mchinji, anthu okwiya atapha wapolisi pa Msundwe, apolisi ena adalowa m'midzi ya Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika nagwiririra ndi kuzunza amayi ndi atsikana. Bungwe la boma loona za ufulu wa anthu lidafufuza nilitsimikiza. Bungwe la maloya achizimayi lidatengera nkhaniyo ku khoti lalikulu m'dzina la amayi 18. Ndipo mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda adalamula kuti boma liwapatse chipukutamisozi, chimene pamodzi chidaposa K100 miliyoni. Amayiwo adayenera kulandira, ngakhale koposa pamenepo, pakuti palibe ndalama yobwezera chimene adalandidwa. Koma tiyeni tione kuti ndalama imeneyo idatuluka madzi atatayika kale, ndipo idatuluka chifukwa padapezeka maloya ouma khosi amene sadatope. Mayi wa ku Dzalanyama amene wathyoledwa mkono ndi mwamuna wake alibe loya. Ali ndi atsibweni ake ndi khola la nkhuku.

Vuto la ulendo si lathu lokha, ndipo ndidadabwa kulipeza m'dziko lolemera la Canada. Kumeneko amayi ndi atsikana a mitundu ya eni nthaka, amene azungu adawapeza m'dzikomo, akhala akuphedwa ndi kusowa mochuluka kuposa amayi ena. Apolisi a dzikolo adawerenga 1,181 pakati pa 1980 ndi 2012. Pali msewu wina wautali m'chigawo cha British Columbia, pakati pa Prince George ndi Prince Rupert, umene anthu adautcha msewu wa misozi, chifukwa atsikana a m'midzi yosauka, posowa basi, ankaimika magalimoto a anthu osawadziwa, ndipo ambiri sadafike kumene ankapita. Abale awo adapempha basi mu 2006, ndipo basiyo idayamba kuyenda mu 2017, patapita zaka 11. Kafukufuku wamkulu wa boma adatulutsa lipoti mu Juni 2019 lokhala ndi mfundo 231, ndipo mu 2021 boma lidalonjeza madola 2.2 biliyoni a dzikolo pa zaka zisanu. Komabe eni nthakawo akudandaulabe kuti zambiri mwa mfundozo sizidachitike. Sitingadzifanizire ndi Canada pa chuma, ndipo mbiri yawo ya kulandidwa dziko ndi ana ndi yosiyana ndi yathu. Chokhacho chimene ndikutolapo n'chakuti ngakhale kumeneko moyo wa mtsikana udapachikika pa funso la amene alipire galimoto.

Kunena za polisi ndi khoti ndiko kunena za nkhanza zimene zachitika kale. Koma ndalama yopewera nkhanza imagwira ntchito patsogolo pake, mwakachetechete, ndipo n'chifukwa chake andale saikonda, pakuti chimene chapewedwa sichijambulika chithunzi. Talingalirani mtsikana amene wasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera, makilomita khumi kuchokera kwawo. Poti sangayende mtunda wotere m'mawa ndi madzulo, makolo amamchitira lendi kachipinda kuseri kwa magolosale a pa tauni yaing'ono, kopanda loko wolimba, pafupi ndi malo omwera mowa, namsiyira kathumba ka ufa ndi nyemba. Ufawo ukatha pakati pa mwezi, amene ali pafupi ndi ndalama m'manja ndi wa kabaza, wogula mtedza, kapena mwini golosale. Nyumba yogona atsikana pasukulupo, yokhala ndi mpanda ndi mayi woyang'anira, ikadateteza mwanayo koposa maulaliki onse a masiku 16. Tidaona mu 2020 chimene chimachitika sukulu zikatsekedwa: m'miyezi yochepa ya mliri uja, kafukufuku wa boma adapeza atsikana oposa 40,000 atatenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000.

Talingaliraninso anthu aja oteteza ana m'midzi, amene amayenda nyumba ndi nyumba kumva kumene mwana wa sitandade 6 akufunsiridwa mbeta, amene ambiri mwa iwo agwira ntchito zaka ndi zaka modzipereka, osalembedwa pa malipiro a boma. Ndi magulu a amayi a pa sukulu za pulaimale, amene amasoka nsalu za kumwezi ndi kukatenga mtsikana amene waleka sukulu, ndi ndalama za m'minda yawo. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza idatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa mafumu ololera zimenezi. Koma mtsikana akachotsedwa ku banja amafuna yunifolomu, makope, sopo ndi chakudya, ndipo zikasowa amabwerera yekha kwa mwamuna uja, mfumu isanatembenuke. Mphamvu ya mfumu ingathe kumasula ukwati, koma kusunga mwanayo m'kalasi mpaka folomu 4 ndi nkhani ya thumba.

Pano ndilole ndipatuke pang'ono, chifukwa alipo akuluakulu anzanga amene amati zonsezi n'zachilendo, makolo athu adalibe vikitimu koma mabanja ankalimba. Kunena zoona, mwambo wathu wa Chichewa udali ndi linga lake. Pa chikamwini mwamuna ankakhala pamudzi pa mkazi, pakati pa alongo ake ndi atsibweni ake, m'munda wa mbumba ya mkaziyo. Akakweza dzanja, kukuwa kunkamveka kwa eni ake, ndipo mkamwini wankhanza ankatha kumangiridwa katundu wake mmawa mwake. Sindikunena kuti kale kudalibe misozi, pakuti miyambo ina ya kuchinamwali ndi ya pamaliro idapweteka amayi kwambiri, ndipo mawu akuti kumenya ndi mankhwala a banja sadabwere ndi sitima. Koma linga lija, ngakhale lidali ndi ming'alu, lagumuka: minda yachepa, chitengwa chachuluka, mabanja asamukira ku maesiteti ndi m'matauni, fodya amalembetsedwa m'dzina la mwamuna ndipo ndalama imalowa mu akaunti kapena mu foni yake. Mwana wa mlongo wanga adakuwa usiku uja pakati pa abale a mwamuna wake, ndipo amene adatuluka ndi mayi mmodzi yekha, wobwera ngati iye. Pamene mwinimbumba ali kutali, boma ndilo latenga malo ake, pakuti ndilo lidati milandu ya magazi isaweruzidwenso pabwalo la mfumu koma ku khoti; ndipo amene watenga udindo wa mwinimbumba ayenera kutenganso mtolo wake.

Ndalama ya boma si mphatso yochokera kumwamba. Ndi yathu yomwe. Mayi wa ku Mitundu amapereka msonkho akagula shuga, akagula mayunitsi a foni, akakwera minibasi imene mafuta ake ali ndi misonkho m'kati, ndipo fodya amene adasoka amadulidwa msonkho ku okushoni asanafike kunyumba. Thumba la chitukuko cha dera la phungu, limene anthu amalitcha CDF, lidafika pa K200 miliyoni pa dera lililonse mu 2024/25, ndipo zimene limagwira zimayenera kuchokera ku makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a kwa mfumu yaikulu, a VDC ndi ADC. Ndakhalapo pa misonkhano yotere, pansi pa mtengo wa kachere, ndipo ndamvapo anthu akupempha mlatho, mjigo, chipinda chophunzirira ndi nyumba ya mphunzitsi, zonse zofunika. Koma sindidamvepo munthu akuimirira kupempha nyumba yogona atsikana, kapena njinga yamoto ya ku vikitimu, kapena kachipinda kotetezeka kumene mayi wothawa usiku angagone masiku atatu. Amayi amene akudziwa kufunika kwa zimenezi amakhala kumbuyo pa mphasa, ndipo za m'nyumba adaphunzitsidwa kusaulula. Inenso ndidakhala chete pa misonkhano yambiri, ngakhale nditayenda kale ulendo uja, chifukwa ndinkaopa kuti anthu adziwa za kubanja kwathu, ngati kuti sankadziwa.

Chimene ndikupempha si chachikulu poyerekeza ndi bajeti ya mathililiyoni. Ndikupempha kuti m'bajeti ya khonsolo mukhale mzere wake wake, wolembedwa poyera, wosasakanizidwa ndi ndalama za misonkhano ya ku nyanja ndi maalawansi, wolipirira wodandaula ndi mboni yake ulendo, wogulira mafuta a ku vikitimu, ndi wobweretsa khoti kufupi ndi midzi pa masiku oikika. Kuti oteteza ana alembedwe ntchito. Ndi kuti khansala ndi phungu azifunsidwa chaka ndi chaka kuti mzerewo udalandira zingati, zidafika zingati, ndipo zidathandiza angati. Msamariya wa m'fanizo lija sadangomva chisoni poona wovulala. Adamkweza pa bulu wake, namfikitsa ku nyumba ya alendo, natulutsa ndalama m'thumba mwake, nalonjeza kudzalipira zotsala pobwerera. Wansembe ndi Mlevi ankadziwa chilamulo kuposa iye.

Mwana wa mlongo wanga sadabwererenso ku chitengwa. Tidamgawira kamunda kuseri kwa dambo, ndipo tsiku la msika amapita pa Mitundu ndi dengu la tomato, amene amalisenza pamutu wina atamtukula, chifukwa mkono uja udalumikizika mokhota ndipo umawawa m'miyezi yozizira. Mmawa uliwonse wa msika, asanagulitse ngakhale mulu umodzi, wokhometsa wa khonsolo amafika ndi kabuku kake, ndipo iye amamasula mfundo ya chitenje, nalipira, nalandira tikiti. Mwamuna uja, tidamva chaka chatha, adakwatira mtsikana wina wa kutsidya kwa mtsinje, amene adalekera sukulu sitandade 7.